Ulendo wa ku Kanengo ndi usiku wa Norma Rae

Amene munatsala mwakhala mukufunsa chifukwa chimene a tcheyamani ndi amayi msungichuma sanakhalire mpando umodzi pobwerera. Nkhani yake nayi.

Tinanyamuka ku Limbe mbandakucha, anthu 14, kukacheza kwa anzathu a bungwe la ogwira ntchito ku Kanengo. Titangodutsa pa Ntcheu tayala lakumbuyo linaphulika, jeke naye n'kukana kukwera. Anyamata a kumakina oomba nsalu anachita kutukula minibasi ndi manja, a mlembi akulowetsa miyala kunsi. Anyamata inu, Mulungu akudalitseni. Pa Lizulu amayi anagula kachewere ndi kabichi wochuluka moti tonse tinafika miyendo itachita dzanzi.

Masana tinaphunzira za lamulo la 1996 lokhudza ubale wa mabwana ndi antchito, makamaka kukambirana malipiro monga gulu. Zonse zili m'kope la a mlembi.

Madzulo, titakhuta nsima ya nkhuku ya lokolo, anzathuwo anapachika nsalu yoyera pakhoma n'kutionetsa kanema wa 1979 wotchedwa Norma Rae, amene anapezetsa Sally Field mphoto ya Oscar. Chingerezi cha kumwera kwa America n'chovuta kumva, choncho mtsikana wathu wa kuofesi ankamasulira ataimirira mpaka mawu anamuthera. Kanemayo atangoyamba, mayi ake a Norma agontha kwa kanthawi chifukwa cha phokoso la makina. Agogo athu a kumakina anangogwira khutu lawo lakumanzere, ndipo tonse tinawaona. Kenako bambo ake a Norma apempha kuti akapume chifukwa dzanja lachita dzanzi, kapitawo awauza kuti adikire, iwo n'kugwa n'kumwalira. Pamenepo palibe anafunsa kuti amasulire.

Anzathu anatiuza kuti nkhaniyi inachokera pa mayi weniweni, Crystal Lee Sutton, amene ankapinda matawulo pa fakitale ya J.P. Stevens ku Roanoke Rapids, North Carolina. Mu 1973 atamuchotsa ntchito, analemba mawu akuti UNION (kutanthauza bungwe la ogwira ntchito) pa katoni n'kukwera patebulo, anzake n'kuyamba kuzimitsa makina mmodzimmodzi. Pofika pamenepo m'kanema, amayi athu anaimirira n'kuyamba nthungululu. Ine misozi inatsika. Antchito a pa fakitale ija anavotera bungwe mu 1974, koma mgwirizano ndi kampani unasainidwa mu 1980. Zaka zisanu ndi chimodzi akudikira!

Tsono mkangano uja. M'kanemamo mwamuna wa Norma akudandaula kuti mkazi wake sakuphikanso kapena kuchapa chifukwa cha misonkhano. A tcheyamani anati, "Koma apa bamboyu ali ndi mfundo." Amayi msungichuma anatembenuka: "A tcheya, inu mukakhala kumsonkhano mpaka usiku, nsima imadziphika yokha? Nanga ife tikabwera, atiphikira ndani?" Zinafika mpaka pakati pa usiku, ena akulowerera, ena akukazinga mtedza. Ine ndili kumbali ya amayi, chifukwa pamsonkhano wathu uliwonse iwo ndiwo amayamba kufika.

Tikuthokoza anzathu a ku Kanengo chifukwa cha mphasa, mabulangete ndi madzi otentha m'mawa, dalaivala wathu woleza mtima, komanso mtsikana womasulira uja, amene tamugulira uchi pa ndalama zotsala. A tcheyamani alonjeza kuti Loweruka likubwerali aphika okha tiyi wa msonkhano, ndipo amayi msungichuma ati abweretsa mbaula ndi makala.