Kamaginito pa tebulo ku CERN

Ndinafika ku CERN kuja, malo ofufuzira za tinthu ting'onoting'ono ta mu atomu pafupi ndi mzinda wa Geneva ku Switzerland, mvula ikuwaza, dzuwa litapendeka kale, ndipo malo a anthu okaonetsedwa makina anali atadzaza. Amalembetsa tsiku lomwelo munthu uli pomwepo, ndiye ngati mukupitako lawirirani. Kulowa m'zipinda zoonetsera zinthu n'kwaulere. Tramu (sitima yoyenda m'misewu ya mumzinda) nambala 18 yochokera ku siteshoni ya Cornavin ku Geneva imakakutsitsani pakhomo penipeni, ndipo mahotela a mumzindawu amapatsa alendo khadi lokwerera ulere. Koma chakudya, abale, n'chodula moti ma franc, ndalama za kumeneko, amatha usanakhute. Nyamuliranitu kamba.

Ndinakhala pansi ndi khofi, mtima uli zii. Ndinkadziwa kuti mamita pafupifupi 100 pansi pa dera limeneli pali ngalande yozungulira makilomita 27, momwe mapulotoni, tinthu ta m'phata la atomu, amawombanitsidwa, koma ine ndinali kunja. Mayi ena achikulire amene anakhala moyang'anana nane anandifunsa chimene chandikhumudwitsa. Nditawauza, anapisa m'chikwama n'kutulutsa kamaginito komata pa firiji ndi kawaya kopanira mapepala. Anati anaphunzitsapo fizikisi zaka zambiri.

Anayandikiza maginito, kawaya kaja n'kudumpha pa tebulo. "Mwaona? Dziko lonseli likukokera kawayaka pansi, koma kanthu kochepaka kaligonjetsa."

Apa m'pomwe anayambira. Mphamvu zoyendetsa chilengedwe zilipo zinayi, ndipo yokoka ya dziko ndiyo yofooketsetsa. Yamagetsi ndi maginito imaiposa kutalitali. Kenaka anandifunsa: mapulotoni onse amakankhana chifukwa magetsi awo ndi amtundu umodzi, nanga bwanji phata la atomu silimwazika? Ndinati, "Amayi, sindikudziwa." Anati pali mphamvu yachitatu, yolimba kuposa zonse, yomwe imawamanga pamodzi ndi manyutuloni, tinthu tinzawo topanda magetsi, koma dzanja lake n'lalifupi kwambiri, silifika kunja kwa phatalo. N'chifukwa chake phata lalikulu ngati la yureniyamu-235 limakhala lolendewera. Nyutuloni imodzi ikalowamo limang'ambika pawiri, zidutswazo n'kukankhana mwaukali, n'kutuluka manyutuloni awiri kapena atatu okang'amba ena. Kutentha kwake ndiko kumawiritsa madzi m'malo opangira magetsi a nyukiliya.

Zimenezi ndinali nditazimvapo. Chimene chinandigwira mtima ndi mphamvu yachinayi, imene amaitcha yofooka. Makina a pamalo pomwepa ndi omwe anapeza tinthu toinyamula, W ndi Z, mu 1983, ndipo chaka chotsatira akatswiri awiri a ku CERN, Carlo Rubbia ndi Simon van der Meer, analandira mphoto ya Nobel. Mayiwo anatsitsa mawu pofotokoza. Pakati pa dzuwa pamatentha madigiri pafupifupi 15 miliyoni, mapulotoni amagundana kosalekeza, koma awiri sangagwirane n'kukhazikika pokhapokha imodzi itasanduka nyutuloni. Ntchito yosandutsayo ndi ya mphamvu yofooka yokha, ndipo imachita mwa apo ndi apo kwambiri moti pulotoni imodzi ikhoza kudikira zaka mabiliyoni. Ikanakhala yachangu, dzuwa likanapsereza nkhuni zake kalekale. M'malo mwake laŵala zaka pafupifupi 4.6 biliyoni, pang'onopang'ono, mpaka zamoyo zinapeza nthawi yomera.

Ndinakhala chete khofi mpaka kuzizira. Dzina lakuti "yofooka" limandiwawa mpaka lero. Amene analipereka ankayeza nyonga zake poyerekeza ndi zinzake, ndikumva, koma mwana wasukulu akalimva amaganiza kuti n'kanthu kongowonjezera pa mndandanda, chonsecho tsamba lililonse lobiriwira likudalira kuzengereza kwake. Mabuku ambiri amaipatsa mzere umodzi n'kuthamangira ku mabomba.

Ndinazungulirako ndithu m'zipinda zija, ndinaona za kanthu kotchedwa Higgs boson, kamene kanapezeka komweko mu 2012, ndi maginito akuluakulu amene amaziziritsidwa kufika madigiri 271 pansi pa ziro. N'zochititsa kaso, koma maganizo anga anali adakali pa tebulo lija.

Pobwerera tinakwera tramu imodzi. Mvula inali itakata, kuŵala kukugwa pa mapiri a Jura. Mayiwo anatsikira ku Meyrin, ndipo chitseko chisanatsekeke anandiika kawaya kaja m'dzanja. Kamaginito anapita nako.