Thobwa la sayansi

Sukulu yathu ndi ya CDSS, ndipo amene anaphunzirapo pa sukulu zoterezi akudziwa kuti labu timangoimva m'mabuku. Ndiye atandipempha kuti ndizithandiza kalabu ya atsikana Loweruka masana, ndinalumbira kuti ana amenewa sayansi aziiona ndi maso, aziigwira ndi manja. Ena pakalabupo amaphunzitsa mtsutso ndi zisudzo, amayi a Mother Group amabwera ndi makina awo osokera, ine gawo langa n'kudabwitsa anthu. Sefa ya madzi ya mchenga ndi makala tinapanga, inatheka. Kuyatsa kababu ndi mabatire a tochi, kunatheka. Mutu unayamba kukula.

Pa 11 Okutobala, tsiku lokumbukira mwana wamkazi padziko lonse, aphunzitsi aakulu anati kalabu ionetse makolo zimene imaphunzira. Ine ndinasankha thobwa. Chimera chija, mawere akamera, chimasandutsa phala kukhala lotsekemera, kenaka tizilombo tosaoneka ndi maso timadya shugayo n'kumatulutsa mpweya wa carbon dioxide. N'chifukwa chake thobwa logona limawira ndi kusasa. Mpweya umenewu ukaudutsitsa m'madzi a laimu, madziwo amasanduka oyera ngati mkaka. Ndinkafuna makolo aone kuti zimene agogo amachita kukhitchini n'zomwezo zimene ana awo amalemba pa mayeso a JCE.

Kutatsala masiku ochepa tinathira thobwa m'botolo la pulasitiki la malita awiri. Poopa kuti mpweya ungachepe n'kundichititsa manyazi, ndinaonjezera shuga ndi yisiti wa mandasi, n'kumanga chitsekero mpaka dzanja kuwawa. Mtsikana wina wa Fomu 2, wachete koma wa maso akuthwa, anakweza mkono.

"Aphunzitsi, agogo anga chigubu cha thobwa satseka chonchi."

"Agogo ako analemba MSCE?" ndinamufunsa. Kalasi yonse inaseka, iye anangoti, "Chabwino aphunzitsi."

Tsiku lija ndinavala jekete lomwe ndinakwatirira. Matebulo anawaika panja, langa moyandikana ndi la amayi osoka. Mthunzi wa mtengo wa mango unapita kwa alendo: a Gulupu, mayi wina wochokera ku ofesi ya maphunziro kuboma, ndi akomiti. Botolo langa linatsala padzuwa la Okutobala, lija loti ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa.

A Gulupu anapatsidwa mphindi zisanu. Anayambira 1994, pamene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere. Anafika pa lamulo la 2015 loletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, n'kufotokozanso mmene Nyumba ya Malamulo inasinthira malamulo aakulu a dziko mu 2017 kuti makolo asamapezerenso mpata wovomereza. Anatamanda Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza pothetsa maukwati a ana ndi kuwabwezera kusukulu. Zonsezi zinali zoona ndi zofunika, amayi ankaimba nthungululu, koma ine maso anali pa botolo. Linali litasiya kuima bwino patebulo. Kunsi kwake kunatupa, ndipo nditaligogoda ndi chala linalira ngati ng'oma yowambidwa kumene pamoto. A Gulupu anati "pomaliza", n'kuyamba nkhani ya mlatho.

Nthawi yanga itakwana ndinaimirira, ndinakonza tayi, ndinalankhula Chingerezi pang'ono kuti mlendo wa kuboma adziwe kuti kumudzi kuno kulinso anthu. Atsikana amene ndinawasankha kugwira kapaipi ndi kapu ya madzi a laimu anali ataima patali modabwitsa. Wa Fomu 2 uja anali kuseri kwa mtengo.

"Yandikirani, sayansi siluma!" ndinatero. Palibe anasuntha.

Ndinapana botolo m'khwapa, n'kupotoza chitsekero pang'ono chabe.

Phuu! Chitsekero chinakamenya malata a kalasi. Thobwa linatuluka molunjika kumwamba, koma kumwambako kunali nkhope yanga. Linalowa m'mphuno, m'makutu, m'maso, lina linatsikira m'kolala mpaka pamchombo. Lotsala linagwa ngati mmene imagwera mvula yoyamba pa nsapato za mlendo. Galu amene anagona pansi pa tebulo anathawa akulira, kenaka anabwerera kudzanyambita.

Maso anali phi, akuwawa. Ndinapapasa patebulo kufuna chopukutira, dzanja linapitirira mpaka patebulo la eni, ndipo linagwa pa kansalu kofewa bwino. Ndinapukuta kumaso. Ndinapukuta m'khosi. Ndinapukuta dazi. Kunena zoona, sindinagwirepo kampango kabwino chonchi: thobwa lonse kanangomwa, dzanja osanyowa. Pofuna kuonetsa kuti mtima uli m'malo, ndinakakweza m'mwamba maso akadali otseka.

"Amayi, mwasoka bwino mipango imeneyi! Yomwa madzi zedi. Koma nanga timapiko iti ndi batani, n'zokolekera pakhosi?"

Bwalo lonse linati zii. Ndinamva mwana wina akutsamwa ndi phwete. Nditatsegula diso limodzi ndinaona atsikana atabisa nkhope m'madiresi a anzawo, mapewa akugwedezeka. Aphunzitsi aakulu ankayang'ana nyerere pansi. M'dzanja langa munali padi yochapa, ija amayi amasoka kuti atsikana asamajombe kusukulu akakhala kumwezi: fulanelo pamwamba, nsalu zomwa pakati, pulasitiki kunsi kuti isadonthe.

Amayi apampando a Mother Group ndi munthu wosataya mwayi. Anaimirira, anamanga bwino chitenje, anadzalanda padi ija m'dzanja langa n'kuitembenuza kuti aliyense aone kunsi.

"Makolo, mwaona nokha. Ife takhala tikukuuzani, inu mumachita manyazi kuyandikira tebulo lino. Lero aphunzitsi a sayansi atiyesera pamaso panu. Thobwa lonse lija, kunsi kuno kouma! Ndiye mwana wanu alephere bwanji kukhala m'kalasi tsiku lonse? Ukachapa ndi sopo, kuyanika padzuwa, mwezi wamawa yomweyo."

Nthungululu zinaposa za a Gulupu. Abambo amene chiyambire mwambo ankalizungulira tebulo lija patali anayamba kusendera, wina akufunsa mtengo monong'ona, ati ndi za mwana wa mlongo wake. Amayi aja anandibwezera padi yanga, nati, "Iyi ndi yanu aphunzitsi, mwailipira ndi nkhope." Posowa pokaika, ndinaiponya m'thumba la jekete.

Mlendo wa kuboma, akupukuta nsapato, anafunsa ngati pali mtsikana amene angafotokoze chimene chachitika. Wa Fomu 2 uja anatuluka kuseri kwa mtengo. Anati kutentha kumafulumizitsa yisiti, yisiti ikachuluka ndi shuga mpweya umachulukanso, ndipo mpweya wosowa potulukira umadzaza mphamvu m'botolo mpaka utapeza khomo. Anatenga kathobwa kotsala, anakoleka chibaluni kukamwa kwa botolo, anagwedeza pang'ono, chibaluni chinadzuka. Anamuombera m'manja. Pobwerera pamalo pake anadutsa pafupi nane.

"Agogo anga sanalembe MSCE, aphunzitsi."

Kunyumba ndinafika ndikununkha ngati ndachokera kumowa wa masese, ntchentche zikundiperekeza. Ndinavula jekete, ndinapita kukasamba. Ndili m'bafa ndinamva mayi a kunyumba akukhuthula m'matumba kuti aliviike. Makiyi analira, ndalama zachitsulo zinalira, kenaka chete.

"Bambo a mwana, tatulukani."

"Ndili ndi sopo kumaso, mayi."

"Tulukani ndi sopo yemweyo. Ichi n'cha ndani?"

"Ndi za sayansi."

"Sayansiyo ali Fomu chani?"