Momwe ine ndi galu wanga tinalowera mu flyball kuno ku England

Anzanga amene muli kunoku muli ndi galu wosakhazikika uja wongokhalira kukumba kuseri kwa nyumba ndi kutafuna nsapato, bwerani ndikuuzeni za flyball. Ndi mpikisano wa matimu, agalu anayi uku anayi uko, galu aliyense amathamanga kudumpha timipanda tinayi, kukaponda bokosi lomwe limalavula mpira wa tenisi, kuwakha, nkubwerera nawo kudumphanso timipanda tomweto, akamafika pamzere woyambira mnzake wanyamuka kale. Kuchoka pamzere kukafika pa bokosi ndi mafiti 51, mamita 15 ndi theka, ndipo matimu apamwamba agalu onse anayi amakhala amaliza masekondi 15 asanakwane. Zinayambira ku California chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, mpikisano woyamba unachitika 1983, pano mpaka ku chionetsero chachikulu cha agalu cha Crufts ku Birmingham mwezi wa Malichi amaonetsa.

Ine ndinayamba ndi kusaka kilabu yapafupi pa webusaiti ya British Flyball Association (BFA), ndinawalembera, anati bwerani mudzaonerere kaye. Anandifunsa zaka za galu komanso ngati anabayitsa katemera. Nkhani ya zaka musaipeputse, kagalu mafupa asanakhwime sakadumphitsa, ndipo mpikisano weniweni wa BFA amalowa galu amene wakwanitsa miyezi 18. Mtundu alibe nawo ntchito, wanga ndi wosakanizika ndipo palibe anafunsa za mapepala. Tiagalu tating'ono ndiye timafunidwa kwambiri poti kutalika kwa timipanda amayezera galu wamfupi mu timuyo, ndiye ka Jack Russell kamodzi kamapeputsira ntchito ma Border Collie onse.

Masabata oyamba bokosi sitinalikhudze nkomwe. Ntchito inali imodzi basi, galu abwere ndikamuitana. Kochi amamugwira pachifuwa, ine kuthamanga ndikukuwa dzina lake chingwe chokokerana chili mmanja, akamusiya abwere ndi liwiro lonse adzalume chingwecho tikokerane. Apa ndi pamene pagona masewera onse, chifukwa galu amene amakonda mpira kuposa inuyo akautenga sabwerera, amakazungulira nawo uko kapena kuthamangitsa wa timu inayo, ndiye kunyumba ndinabisa mipira yonse nkumasewera naye chingwe madzulo aliwonse mpaka chinamulowa mmagazi. Kenako anayika kampanda kamodzi, kenako tiwiri, mpaka tinayi, mmbali atatchinga ndi neti kuti asazembe.

Bokosi ndi lomwe linatitengera miyezi. Poyamba anayika mpira pansi nkumutuma kangapo kuti aone amatembenukira mbali iti, wanga ndi wakumanzere, ndiye mpira wake amauika m'bowo la bokosi la mbali imeneyo. Amaphunzira pa thabwa lopendekeka lopanda mpira, akwere ndi miyendo yonse inayi nkudzikankha ngati wosambira pakhoma la dziwe. Musalole munthu akufulumizitseni apa chonde, galu wongogunda bokosi ndi miyendo yakutsogolo amadzavutika mapewa mtsogolo, ndipo chizolowezicho chikakhazikika kuchichotsa ndi ntchito yaikulu.

Chomaliza chinali kudutsana pamzere, ndipo apa wophunzira ndi iwe mwini galu. Umaima kumbuyo ndithu nkumusiya pa nthawi yoti mphuno yake ifike pamzere pomwe mnzake akutuluka, ukafulumira pang'ono magetsi amaonetsa ndipo galu wako amabwerezanso kumapeto, chimodzimodzi akagwetsa mpira asanadutse mzere kapena kulambalala kampanda. Phokoso lake konzekerani, agalu amauwa onse nthawi imodzi, wanga anayamba wakhala patali masiku angapo kuti azolowere.

Tinayamba kupikisana mu gulu la ongoyamba kumene, komwe neti amaisiyabe mmbali. Tengani madzi ambiri, khola lake lopumiramo, mpando wanu ndi chakudya, chifukwa mumakhala tsiku lonse pabwalo ndipo pakati pa mithamango anzanu amafunanso muwathandize kutola mipira ndi kuyimika timipanda tikagwa.