Loweruka pa njanji ya Talyllyn

Kwacha ndi mvula yowaza, koma tikiti ndinali nditagula kale, ndiye ndapitabe. Sitimayi imanyamukira ku Tywyn, m'mphepete mwa nyanja ku Wales. Kanjanji kake n'kopapatiza, mamilimita 686 basi. Anakatsegula mu 1865 kuti kazitsitsa miyala yofolerera nyumba kuchokera ku mgodi wa Bryn Eglwys. Mgodiwo utatsekedwa, anthu ongodzipereka anayamba kuyendetsa sitimayi mu 1951, oyamba padziko lonse kupulumutsa njanji mwanjira imeneyi.

Podikira nthawi ndalowa m'nyumba yosungiramo zakale pasiteshonipo. Muli kachipinda kokhala ndi katundu wa m'chipinda chimene Wilbert Awdry, wansembe wa Anglican amene anayambitsa nthano za ana za injini ya sitima yolankhula yotchedwa Thomas the Tank Engine, ankalemberamo mabuku. Ndaima pamenepo mpaka miyendo kuwawa.

Awdry ali mwana, kwawo kunali ku Box, ku Wiltshire m'dziko la England, pafupi ndi pamene njanji imaboola phiri. Usiku masitima a katundu ankalemedwa pachitunda, ndiye pankabwera injini ina yokankha kumbuyo. Iye ali chigonere ankamva ngati injini ziwirizo zikulankhulana, ina ikudandaula, inzake ikuilimbitsa mtima. Zinangokhala m'mutu zaka zonsezo mpaka mwana wake Christopher atadwala chikuku, bambo n'kuyamba kumusimbira nthano pamphasa ya matenda. Buku loyamba linatuluka mu 1945. Ine ndimati wolemba nkhaniyo ndi kamnyamata kaja. Bambo wamkuluyo anangogwira cholembera.

Sitima ikukwera cha ku Dolgoch ndatseka maso kuti nanenso ndimve. Ndamva phokoso basi, tchu-tchu-tchu, ndi fungo la malasha. Makutu anakalamba kaya? Nditasuzumira pawindo, kaphulusa kandigwera m'diso. Chidwi changa chomwe!

Ku Abergynolwyn ndamwa tiyi uku ndikusekera mumtima. Awdry anadzagwirapo ntchito yongodzipereka panjanjiyi mu 1952, ndipo tsiku lina analola sitima kunyamuka pano n'kusiya mayi wogulitsa tiyi. Manyazi amenewo sanawataye, anawaika m'buku.

Pobwerera ndayesa kukumbuka zimene ine ndinkamva usiku ndili mwana. Chimene chabwera si sitima ayi, koma mawu a makolo anga akunong'onezana kuseri kwa khoma, poganiza kuti ndagona. Ndalemba mizere itatu kuseri kwa tikiti. Diso lija likadali psuu.