Anyezi a Lachitatu

Bistro (lesitilanti yaing'ono ya zakudya zachifalansa) yomwe ndimagwiramo ntchito ili m'kamsewu kena ku Cape Town, ndipo ili ndi matebulo 12 okha. Ndinalowamo ngati wotsuka mbale. Pano papita zaka zinayi, ndipo ndine amene ndimayang'anira miphika ya msuzi ndi nyama zofuna moto wapang'onopang'ono. Sabata yathayi inali ya 14 July, tsiku limene Afalansa amakumbukira kugwa kwa ndende ya Bastille mu 1789. Kuno July ndi mwezi wa chisanu ndi mvula, ndiye anthu amabwera atanyowa, akufuna chotentha.

Lolemba sititsegula. Lachiwiri ndinawotcha mafupa a ng'ombe mu uvuni mpaka anapsa bwino, kenako ndinawaika mu mphika waukulu pamodzi ndi karoti, anyezi ndi timasamba tonunkhiritsa. Mphikawo umakhala pamoto maola asanu ndi atatu, osawira kwambiri, ungotulutsa timathovu apo ndi apo. Ukawira, msuzi umachita matope.

Tsiku langa lenileni ndi Lachitatu, tsiku la anyezi. Soupe à l'oignon ndi msuzi wa anyezi, pamwamba pake buledi wokazinga ndi tchizi cha Gruyère chosungunuka. Ku Paris msuziwu unatchuka pa msika wa Les Halles, kumene onyamula katundu ankaumwa mbandakucha, msikawo usanasamutsidwire ku Rungis mu 1969. Nditamva zimenezi kwa abwana athu, omwe kwawo ndi ku Lyon, ndinayamba kuulemekeza msuziwu, chifukwa ndi chakudya cha anthu otopa ngati ife, cha anyezi ndi buledi wogona. Ndinadula makilogalamu 10, misozi ili chuchuchu, n'kuwathira mu mphika wa chitsulo ndi batala. Poyamba amadzaza mphika mpaka kukamwa. Pakatha theka la ola amafota, amatulutsa madzi, ndipo apa ndi pamene munthu amafuna kukweza moto. Ndinakwezapo chaka changa choyamba, anyezi anapserera pansi, msuzi wonse unawawa. Tsopano ndimaima pomwepo ndi mthiko kupitirira ola, kupala pansi pa mphika, kudikira kuti asinthe mtundu, kuchoka koyera, kufika ngati uchi, kenako ngati tiyi wopanda mkaka. Shuga sindithiramo. Kutsekemera kumachokera mu anyezi momwemo, bola uwapatse nthawi. Pomaliza amatsala ochepa moti ukhoza kuwanyamula m'mbale imodzi.

Lachinayi otibweretsera moules, nkhono za m'nyanja zochokera ku Saldanha Bay, anafika mochedwa, ndipo zambiri zinali zitayasama. Yamoyo ukaigogoda pa tebulo imatseka chigoba. Izi zinangokhala kukamwa yasa. Abwana sanazengereze, anatenga nsalu n'kufufuta moules marinières, chakudya cha nkhonozo, pa bolodi ya choko yolembapo zakudya. Mnyamata watsopano wotsuka mbale, wa ku Mzimba, anandinong'oneza kuti, "Achimwene, zonsezi kutaya?" Ndinamuuza kuti nkhono imodzi yakufa ikhoza kugoneka munthu m'chipatala, ndipo anthu amene amadya muno timakumana nawo pamsewu tsiku ndi tsiku.

Ndi zoonadi. Ambiri amabwera wapansi kuchokera m'nyumba zapafupi. Pali agogo ena aamuna amene amakhala pa tebulo la pawindo Lachisanu lililonse. Kale ankabwera ndi akazi awo, omwe anamwalira chaka chatha. Safunsa bolodi. Amadya msuzi wa anyezi, kenako boeuf bourguignon, nyama ya ng'ombe yophikidwa mu vinyo wofiira ndi bowa ndi tianyezi tating'ono, yomwe ndimaphika dzulo lake chifukwa imakoma ikagona. Lachisanu limeneli anafika mochedwa chifukwa cha mvula, matebulo onse atadzaza kupatula lawolo. Woperekera zakudya anali atabweza anthu awiri pakhomo n'cholinga choti liwadikire. Palibe anamuuza kutero.

Loweruka tinali kalikiliki kuyambira masana. Ambiri anapita ku chikondwerero cha Bastille ku Franschhoek, tauni imene ma Huguenot, Akhristu achiprotestanti othawa ku France, anayamba kukhalako mu 1688, ndipo pobwerera anatipeza. Ndinatulutsa steak frites (nyama ya ng'ombe ndi tchipisi) mpaka kuiwala chiwerengero, miyendo ya bakha, ndi tarte Tatin zinayi, keke ya maapozi imene imaphikidwa chozondoka n'kugudubulidwa ikapsa. Imodzi inakana kuchoka mu chiwaya, ndipo tinaidya tokha kukhitchini, titaimirira.

Lamlungu timatseka ikakwana 4 koloko. Ndikupukuta mbaula, agogo aja anagogoda pa chitseko cha kukhitchini, chinthu chomwe sanachitepo. Anafunsa ngati msuzi wa anyezi unatsalako, chifukwa mwana wawo wamkazi akubwera kuchokera ku Durban ndipo amafuna alawe zimene amayi ake ankakonda. Unali utatsala pang'ono pansi pa mphika. Ndinauthira m'botolo, ndinakulunga tchizi ndi buledi papepala, n'kuwauza kuti, "Agogo, mukautenthetse pamoto wochepa, buledi muike pomaliza." Anandipempha kuti ndiwalembere, ndipo ndinalemba pa chivundikiro cha botololo.