Mmene ndinalowera sukulu ya malamulo ndili ndi zaka 38 komanso ana atatu

Bambo anga atamwalira mu 2012, abale awo anafika ku Kawale ndi lole tisanamete n'komwe. Anakweza makina osokera, malata omwe bambo anagula kuti adzafolere nyumba ya kuseri, mpaka mapepala a puloti. Mayi anga anangokhala pamkeka, osayankhula kanthu. Patapita zaka zinayi ndinamva pa wailesi kuti lamulo la chuma cha masiye linali litakhazikitsidwa kale mu 2011, ndipo limati kulanda chuma cha mayi wamasiye ndi ana ake ndi mlandu. Lamulo linalipo tsiku lomwe lole inaima pakhomo pathu, koma m'banja mwathu munalibe ndi mmodzi yemwe wolidziwa. Mtima wofuna kuphunzira malamulo unayambira pamenepo, ngakhale panapita zaka zambiri ndisanatenge fomu.

Ndimakhala ku Area 25, ndimagwira ntchito ya ukalaliki ku City Centre, ndipo pano ndili m'chaka chachitatu pa sukulu ina ya ukachenjede muno mu Lilongwe yomwe imaphunzitsa madzulo ndi Loweruka. Amayi anzanga a kumpingo ndi a kuntchito amandifunsa kawirikawiri kuti ndinalowa bwanji, ndiye ndati ndilembe zonse mwa ndondomeko yake.

Ndinayamba ndi kufufuza sukulu. Ambiri akamva za malamulo amaganiza za Zomba, ku Chancellor College komwe tsopano kumatchedwa University of Malawi, pakuti maloya ndi oweruza ambiri a dziko lino anadutsa kumeneko. Ine sindikanatha kusiya ntchito, mwamuna ndi ana n'kukakhala ku Zomba zaka zinayi. Ndinayang'ana za muno mumzinda. Apa ndi pomwe ndikupemphani kuti musapupulume, chifukwa si sukulu iliyonse yolengeza pa Facebook kuti ili ndi digiri ya malamulo yomwe ingakufikitseni pa uloya. Pali bungwe la National Council for Higher Education, lomwe ambiri amangoti NCHE, lomwe limavomereza sukulu za ukachenjede ndi maphunziro ake. Palinso Malawi Council of Legal Education, lomwe limayang'anira maphunziro a malamulo makamaka. Funsani za maphunziro a malamulo enieniwo, osati dzina la sukulu lokha, popeza sukulu itha kukhala yovomerezeka pa maphunziro a zamalonda koma osati a malamulo. Mnzanga wina anataya fizi ya chaka chathunthu chifukwa chokhulupirira mawu a pakamwa a munthu wa pa ofesi yolandirira alendo. Ine ndinapempha kuona kalata yeniyeni, ndipo ndinaijambula pa foni.

Dziwaninso msanga kuti digiri si mapeto a ulendo. Palinso Malawi Institute of Legal Education, MILE, komwe omaliza digiri amakaphunzira kagwiridwe ka ntchito ya uloya ndi kulemba mayeso ake, ndipo munthu amayamba kuimira anthu pa milandu pokhapokha Mkulu wa Makhoti atamuvomereza. Powerengera zaka ndi ndalama, muphatikizepo zimenezo. Ine ndinawerenga n'kupeza kuti ndidzafika kumeneko mwana wanga woyamba atamaliza Fomu 4.

Chinanditengera nthawi yaitali kuposa zonse ndi satifiketi ya MSCE. Ndinalemba mu 2003, ndipo Chingerezi ndinapeza 7. Kwa omwe anaiwala kawerengedwe kake: 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungodutsa, 9 ndi kulephera. Sukulu za ukachenjede zimafuna makirediti asanu ndi imodzi, Chingerezi chili momwemo. Dipuloma yanga ya za maofesi sinathe kuphimba 7 ameneyo. Choncho ndinalembetsa pa sukulu ya masana ija ambiri amati open, ndinalipira mayeso a MANEB ngati wolemba payekha, n'kukhala pa benchi limodzi ndi ana a msinkhu wa mwana wa mchemwali wanga. Miyezi isanu ndi itatu ndinaphunziranso kulemba chimangirizo ndi kufupikitsa nkhani. Ndinapeza 4. Nthawi imeneyo sindinaione ngati yotayika, chifukwa ku malamulo ntchito yaikulu ndi yomweyo: kuwerenga masamba makumi atatu n'kunena mfundo yake m'mizere isanu.

Kenako vuto la maina. Satifiketi ya 2003 ili ndi dzina la bambo anga, chiphaso cha unzika chomwe ndinalembetsa mu 2017 chili ndi dzina la amuna anga, ndipo pa dipuloma analakwitsa chilembo chimodzi. Kwa wolandira mafomu, amenewo ndi anthu atatu. Mankhwala ake ndi afidaviti, kalata yolumbira pamaso pa Commissioner for Oaths kuti maina onsewo ndi a munthu mmodzi. Maloya ambiri ali ndi udindo umenewu, ndipo mutha kupitanso ku khoti la majisitireti. Nyamulani mapepala enieni pamodzi ndi mafotokope ake kuti adinde zonse tsiku limodzi, ndipo kalata ya ukwati musaisiye. Amayi okwatiwa, yambani ndi zimenezi fomu isanatuluke, chifukwa nthawi yomwe amapereka yotumizira mafomu ndi yochepa.

Zotsalazo zinali zosavuta: ndalama ya fomu ku banki, risiti yake kuiphatika pa fomu, zithunzi ziwiri, kalata ya abwana anga, ndi thiransikiripiti ya dipuloma yomwe inatenga masabata asanu kuti ituluke.

Anatiitana ku mayeso olowera Loweruka lina m'mawa. Munali ndime yowerenga n'kuyankha mafunso, ndi chimangirizo chimodzi chofuna maganizo ako pa nkhani ya m'dziko. Sanafunse lamulo lililonse. Amafuna kuona ngati ungatenge mbali imodzi, kuiteteza ndi zifukwa, ndi kuyankha mwachilungamo zomwe wotsutsa anganene. Ndinakonzekera powerenga nyuzipepala ya The Nation tsiku lililonse kuntchito, komanso mutu wachinayi wa malamulo aakulu a dziko lino a 1994, womwe umakamba za ufulu wachibadwidwe. Pa kucheza kwa pamaso, bambo wina wa imvi anandifunsa kuti, "Mayi, ana atatu, ntchito, ndi sukulu ya madzulo. Mwana akadwala sabata ya mayeso mudzatani?" Ndinawayankha kuti mng'ono wanga wavomera kudzakhala nafe, ndipo amuna anga amaweruka isanakwane 5 koloko. Sindinalonjeze kuti zonse zidzayenda bwino. Ndinangowauza maina a anthu ondithandiza ndi maola ake, ndipo ndikukhulupirira kuti n'zomwe amafuna kumva.

Yankho limenelo silinabwere lokha. Ndisanatenge fomu ndinali nditakhala pansi ndi amuna anga katatu konse. Ulendo woyamba anati, "Mayi, mwaganiza bwino? Fizi ya ana ikutilemera kale." Sanakane, koma sanavomerenso. Ulendo wachiwiri ndinabwera ndi kope, momwe ndinalemba malipiro athu tonse awiri, lendi, fizi ya ana, ndi ndalama yomwe ndimalandira ku chipereganyu cha kuntchito. Tinagwirizana kuti ndipemphe anzanga kuti mwezi wanga wolandira uzigwa pomwe semesita ikuyamba, ndipo ngongole ya ku banki mkhonde izikhala ya mabuku okha. Ulendo wachitatu tinapita limodzi kwa apongozi ku Mitundu. Ndinakhala pansi n'kuwafotokozera ndekha, kuti asadzamve kwa anthu kuti mkazi wa mwana wawo akumafika pakhomo 9 koloko usiku. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Pitani, koma ana asagone ndi njala." Lero akamva wina akunena za ine kumaliro kapena kuchinkhoswe, amamuyankha ndi iwowo. Mayi aliyense wofuna kubwerera kusukulu ndimamuuza kuti ulendo wa kwa apongozi ndi wofunika mofanana ndi risiti ya ku banki.

Tsiku loyamba m'kalasi ndinafika mochedwa, nditatsika minibasi n'kukwera kabaza. Tinalipo anthu opitirira makumi anayi. Achikulire tinalipo asanu ndi awiri: wapolisi, mphunzitsi wa sekondale, kalaliki wa khoti, m'busa, ndi ena. Otsalawo anali ana omwe MSCE analemba dzana. Mtsikana wina anandisiyira mpando n'kunena kuti, "Khalani apa, anti." Dzina limenelo linandikakamira. Semesita yoyamba yonse linali ngati mpanda. Ankandilemekeza, ankandinyamulira chikwama, koma akamapanga magulu okambirana sankandiitana, ndipo ndikayandikira, nkhani zawo zinkatha. Inenso ndinali ndi mbali yanga: kalasi ikatha ndinkathamangira minibasi, ndipo zokambirana zawo za pa WhatsApp zinkayamba 10 koloko usiku, ine nditatopa ndi kuchapa mayunifomu.

Maphunziro enieniwo ananditsamwitsa poyamba. Mlandu woyamba womwe tinawerenga unali wa Donoghue v Stevenson wa 1932, wa mayi wa ku Scotland yemwe anapeza nkhono yowola m'botolo la chakumwa. Ndinauwerenga katatu osamvetsa kuti nkhono ya ku Scotland ikutikhudza bwanji. Mnyamata wina wa zaka 20 ndiye anandimasulira kuti malamulo athu ambiri anachokera ku England nthawi ya atsamunda, ndipo mfundo ya mlanduwo, yoti wopanga katundu ali ndi udindo wosamala munthu yemwe adzamugwiritse ntchito ngakhale sanagulane pamaso, imagwirabe ntchito m'makhoti athu. Anandiphunzitsanso kusiyanitsa ratio decidendi, chifukwa chenicheni cha chigamulo, ndi zomwe woweruza anangonena podutsa. Ndi yemweyo anandisonyeza tsamba la MalawiLII, komwe zigamulo zambiri za makhoti athu ndi malamulo a Nyumba ya Malamulo zimapezeka ulere. Kuyambira pamenepo ndimatsitsa zigamulo masana kuntchito, n'kumawerenga pa foni mu minibasi ya ku 25, yomwe madzulo imakwawa mokwanira kuti umalize chigamulo chimodzi.

Mpanda uja unagwa m'chaka chachiwiri, pa phunziro la malamulo a banja. Aphunzitsi, mayi wocheperako kwa ine ndi zaka zisanu, anafotokoza kuti lamulo la maukwati la 2015 limazindikira mitundu inayi ya ukwati: wa kwa boma, wa mwambo, wa chipembedzo, ndi uja wa anthu omwe angokhalira limodzi n'kumadziwika ngati banja, womwe khoti limauzindikira akakhala zaka zosachepera zisanu. Kenako anafunsa kuti ukwati wa mwambo umatsimikizika bwanji pakati pa Achewa. Kalasi inati zii. Ine ndakhalapo nkhoswe kawiri, ndakhalapo pa mkeka pothetsa banja la msuweni wanga, ndipo ndikudziwa kusiyana kwa chikamwini ndi chitengwa osati kuchokera m'buku. Ndinafotokoza ntchito ya ankhoswe a mbali zonse ziwiri, chifukwa chomwe mwini mbumba amakhala ndi mawu pa ana a mlongo wake, ndi zomwe zimachitika mkamwini akamanga nyumba pa malo a kwa mkazi kenako banja n'kutha. Aphunzitsi anandilola kuyankhula mphindi khumi. Potuluka, atsikana atatu ananditsatira mpaka pa siteji. Mmodzi anafunsa za mayeso, awiriwo anafunsa za makolo awo.

Kuyambira tsiku limenelo gulu lathu limakumana kunyumba kwanga Lamulungu masana tikachoka kutchalitchi. Ine ndimaphika, iwo amabwera ndi laputopu ndi manotsi. Amanditchulabe anti, koma tsopano amanditsutsa poyera ndikalakwitsa, ndipo chimenecho ndi chomwe ndinkasowa. Tinawerengera limodzi mlandu wa Gwanda wa 2017, momwe High Court inagamula kuti ndime ya lamulo la vakabu yomwe apolisi ankamangira anthu oyenda usiku ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Achinyamatawo ankaudziwa pa pepala. Wapolisi wa m'kalasi mwathu anatiuza mmene zinkakhalira usiku pa ntchito, ndipo ine ndinawauza za mchimwene wanga wogulitsa malonda yemwe anagonapo m'chitokosi kawiri popita kukapikula katundu m'bandakucha.

Za ana sindibisa. Wamng'ono anali ndi zaka zinayi pomwe ndinkayamba, ndipo miyezi yoyamba ankagona pa mpando kundidikira. Funso la bambo a imvi lija linakwaniritsidwa m'chaka choyamba: mwana wachiwiri anadwala malungo usiku woti mawa lake ndilembe mayeso a malamulo a mapangano. Tinachezera kuchipatala, ndipo mayeso sindinalembe. Chinandipulumutsa ndi choti m'mawa womwewo ndinatuma mng'ono wanga kukapereka kalata ku ofesi ya sukulu pamodzi ndi fotokope ya buku la kuchipatala. Anandilola kulemba mayeso ochedwerapo popanda kubwereza phunziro. Malamulo a sukulu pa nkhani imeneyi ali m'kabuku komwe amakupatsani polembetsa. Kawerengeni sabata yoyamba, mwana asanadwale.

Panopa ndimadzuka 4 koloko, kuwerenga mpaka 5:30, kenako kuika madzi a ana pamoto. Magetsi akazima ndimawerenga ndi tochi ya pa foni. Madzulo omwe ndilibe kalasi timakhala tonse pa tebulo limodzi, aliyense ndi kope lake, ndipo wamkulu uja ndi amene amandifunsa maina a milandu ndi zaka zake. Mwezi wathawu mayi anga anabwera kuchokera ku Kawale ndi mnzawo wa kumpingo yemwe amuna ake angomwalira kumene, abale ayamba kale kufunsa za galimoto. Sindine loya, ndipo ndinawauza choncho. Ndinawawerengera zomwe lamulo la 2011 likunena, ndinawathandiza kulemba mndandanda wa katundu yense, ndipo Lolemba lake ndinapempha maola awiri kuntchito n'kuwaperekeza ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu omwe sangathe kulipira loya.