Backup ilipo koma database mulibe: komwe imasowera

Pa zomwe ndikuphunzira za kasamalidwe ka maseva, masiku ano ndakhalitsa pa vuto lomwe limasowetsa tulo anzathu osamalira mawebusaiti a mipingo ndi timashopu kuno ku Harare, kaya ku Mbare kaya ku Mufakose. Backup ilipo, mafayilo onse alipo, koma mukaika webusaiti pa seva yatsopano imangolemba kuti Error establishing a database connection.

Gwero lake ndi lakuti webusaiti ya WordPress imakhala malo awiri. Zithunzi, ma theme ndi ma plugin zili mu public_html. Koma nkhani zonse, mayina a olowa ndi maoda a makasitomala zili mu database, yomwe imasungidwa ndi pulogalamu ya MySQL kapena MariaDB, kawirikawiri mu /var/lib/mysql, komwe FTP, njira yokopera mafayilo pa seva, sifikako. Wokopera foda ndi FileZilla, pulogalamu ya FTP, watenga nkhokwe, chimanga wachisiya. Ngakhale mu cPanel, pulogalamu yoyendetsera akaunti ya webusaiti pa seva, Home Directory backup simatenga database, imatsitsidwa payokha.

Choyamba tsegulani wp-config.php, fayilo yomwe imauza WordPress komwe database ili, muwerenge DB_NAME, DB_USER ndi DB_HOST. DB_HOST ikakhala kuti si localhost kapena 127.0.0.1, database ikhoza kukhala pa kompyuta ina, ndipo zikatero backup ya seva iyi sinaifikeko. Kenako musanachite chilichonse suzumirani m'kati mwa backup yonse ya cPanel polemba tar -tzf dzina.tar.gz | grep mysql/ ndipo muyenera kuona fayilo ya .sql yokhala ndi dzina lofanana ndi DB_NAME.

Ikasowa, nthawi zambiri database ija inapangidwa ndi root, akaunti yolamulira seva yonse, pa command line, osati kudzera mu cPanel. Webusaiti imagwira ntchito bwinobwino zaka ndi zaka, koma cPanel sidziwa kuti database ndi ya akaunti imeneyo, choncho pokonza backup kapena posamutsa imaidumpha osanena kanthu. Mankhwala ake ndi /usr/local/cpanel/bin/dbmaptool, yomwe imalumikiza database ku akaunti. Mukatero konzaninso backup.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi fayilo yomwe ilipo koma ili yopanda kanthu. Ambiri amaika mu cron, pulogalamu yoyendetsa malamulo pa nthawi yoikika, lamulo la mysqldump lokopera database mu fayilo (dump), lolumikizidwa ku gzip yomwe imaichepetsa kukula. Wina akasintha pasiwedi ya database, mysqldump imalephera, koma gzip imalembabe fayilo yake usiku uliwonse. Mukalemba ls -l mumapeza mzere wautali wa mafayilo, masiku ake ali m'ndondomeko yabwino, koma iliyonse ndi ya mabayiti 20 okha, kukula kwa gzip yomwe sinalandire kanthu. Ikani set -o pipefail pamwamba pa script ya bash kuti kulephera kwa mysqldump kuonekere. Fayilo yabwino imathera ndi mzere wakuti Dump completed on ndi tsiku lake. Onani ndi zcat dzina.sql.gz | tail -n 1. Mzerewu ukasowa, fayilo inadukira panjira. Mwina disiki inadzaza, zomwe df -h ikuuzani, mwina magetsi anazima mukutsitsa, zomwe kuno sizachilendo. Nchifukwa chake ndi bwino kutumiza fayilo kuchoka pa seva kupita pa seva inzake ndi rsync, osadutsitsa pa laputopu ndi bando ya pafoni.

Lamulo loyenera ndi mysqldump --single-transaction --routines --events dzina_la_database. Ma trigger amalowa okha, koma ma routine ndi ma event salowa mukapanda kuwatchula. Kuyambira MySQL 8.0.21, mysqldump ikadandaula za PROCESS privilege, onjezani --no-tablespaces. Ndipo chonde musakopere mafayilo a .ibd, omwe amasunga matebulo a database, seva ikuyenda. InnoDB, gawo la MySQL lomwe limalemba mafayilowa, imadaliranso ma redo log ndi zina zomwe zili m'memori, ndiye zomwe mwakoperazo zikhoza kukana kutseguka.

Pa seva yatsopano palinso pokhumudwa. Dump ya database imodzi simabwera ndi wogwiritsa ntchito, muyenera kumupanganso ndi kumupatsa chilolezo ndi GRANT. cPanel imaika dzina la akaunti kutsogolo kwa dzina la database, ndiye akaunti ikasintha dzina, wp-config.php isinthidwenso. WordPress ikakulandirani ndi tsamba loyambira kuika mwatsopano, musadinepo kanthu: yalumikizika ku database yopanda matebulo, kapena table_prefix sikugwirizana ndi mayina a matebulo omwe alipo. SHOW TABLES ikuonetsani msanga.

Kulowetsa kukaima ndi error 1273 ya Unknown collation utf8mb4_0900_ai_ci, dump inachokera ku MySQL 8.0 ndipo ikulowa mu MariaDB yakale monga 10.6, sinthani mawuwo akhale utf8mb4_unicode_ci ndi sed. Ikati MySQL server has gone away, kwezani max_allowed_packet. Fayilo yaikulu isadutse pa phpMyAdmin, tsamba loyendetsera database mu browser, chifukwa malire a PHP amaidula. Ilowetseni pa SSH, njira yolowera pa command line ya seva.

Musanasinthe DNS ya domeni yanu ya .co.zw, yomwe imaloza domeni ku seva, tsitsani TTL, nthawi yomwe makompyuta ena amakumbukira adilesi yakale, ifike masekondi 300 kutatsala tsiku, lozani domeni ku IP yatsopano mu fayilo ya hosts ya kompyuta yanu, ndipo yerekezani SELECT COUNT(*) FROM wp_posts pa maseva onse awiri. Ngati ndi shopu, imitsani maoda, tenganinso dump yomaliza, ndipo seva yakale muisunge sabata imodzi kapena ziwiri musanaitseke.